Golide akamveka, ditekita imasowa: momwe msika wa makina ofufuzira golide umayendera

Nkhani ya golide yalowa m'makomo ambiri a m'mbali mwa nyanja. Kale tinkaimva ngati nkhani ya ku Joni, kumene agogo athu ankapita pa Wenela kukatsikira m'migodi ya eni ake. Lero ikukambidwa padoko, pagolosale ndi pafoni. Chiyambireni pomwe anthu anakhamukira kwa Makanjira cha m'ma 2017 ndi 2018, komanso pomwe Reserve Bank ya Malawi inayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono mu Meyi 2021, mnyamata amene ankaganiza za boti ndi injini wayamba kuganizanso za dothi. Pamodzi ndi nkhaniyi pabweranso nkhani ya makina ena ake onga ndodo yokhala ndi mbale kumapeto, amene amalira akadutsa pamwamba pa chitsulo chokwiririka. Ambiri amangowatchula kuti ditekita.

Mabanja ena afika pokhalirana pansi: kodi m'bale amene ali ku Joni, kapena wamalonda amene amapitapita ku Dubai, atibweretsere makinawa? Nanga n'chifukwa chiyani uyu akutchula mtengo wokwanira kumanga nyumba, pomwe uyo akutchula theka lake pa makina ooneka chimodzimodzi? Ife sitingalisankhire banja lililonse chochita. Chomwe tingathe ndi kufotokoza momwe msika wa makinawa umayendera golide akamveka, chifukwa zinachitika kale kwa anzathu a ku Sudan ndi maiko a m'chipululu cha Sahara, ndipo kulikonse zinadutsa njira yofanana.

Tiyambe ndi makinawo, poti wosadziwa chomwe amachita sangamvetse za mtengo wake. M'mbale muja muli waya wokulungakulunga wotchedwa koyilo. Batire ikatumiza magetsi m'wayamo, mbaleyo imaponya mphamvu ya maginito pansi. Mphamvuyo ikagunda chitsulo, chitsulocho chimabweza kamphamvu kakekake, makina n'kukamva, n'kulira m'makutu mwa wonyamula. Ntchito yake yathera pomwepo. Ditekita siona golide, sinunkhiza golide. Imamva chitsulo chilichonse: msomali, chipolopolo chakale, chidutswa cha khasu, chitsekerero cha botolo. Ndipo simva patali. Kambulu ka golide kochepa ngati njere ya mpunga imakamva kakakhala masentimita owerengeka chabe pansi. Mbulu waukulu ngati chibakera ndi umene ingaumve uli pafupifupi mita imodzi.

Vuto n'lakuti dothi lomwe mumapezeka golide nthawi zambiri limakhala ndi chitsulo chambiri mwachibadwa, monga katondo wofiira uja. M'dothi lotere makina wamba amangosokosera paliponse ngati wailesi yomwe sinagwire bwino siteshoni. Pali mtundu wina wa makina, wotchedwa pulse induction, umene umatumiza mphamvu modukizadukiza, n'kudikira kaye kuti phokoso la dothi lizilale usanamvetsere. Amenewa ndiwo amamva zakuya m'dothi lovuta, ndiwo okwera mtengo, ndipo makampani odziwa kuwapanga bwino ndi ochepa kwambiri pa dziko lonse. Yodziwika kwambiri kwa ofufuza golide ndi Minelab ya mumzinda wa Adelaide ku Australia, yomwe inayamba mu 1985 ndipo inagulidwa ndi kampani ya Codan mu 2008. Ina yakale ndi Garrett ya ku Texas, ku America. Kuchepa kwa opangaku tikusunge m'mutu, chifukwa nkhani yonse yatsamira pamenepo.

Zomwe zinachitika ku Sudan

Kumpoto kwa Sudan, pakati pa mtsinje wa Nile ndi mapiri a m'mbali mwa Nyanja Yofiira, kuli chipululu chomwe Aigupto akale ankakumbako golide. Kulibe udzu, kulibe mitengo, mvula ndi ya apo ndi apo, ndipo dothi la pamwamba ndi lochepa. Miyala yokhala ndi golide yakhala ikuphwanyika kwa zaka zikwi zambiri, mibulu yake n'kumangotsala pompo, yokwiririka pang'ono. Malo oyenera ditekita kuposa amenewa ndi osowa.

Cha m'ma 2009 mbiri inayamba kumveka kuti anthu onyamula makinawa akutola golide m'chipululumo. Nthawi yake inakomanizananso ndi zinthu ziwiri. Mtengo wa golide pa dziko lonse unali utadutsa madola 1,000 a ku America pa aunsi imodzi mu 2008, ndipo pofika Sepitembala 2011 unafika cha pa madola 1,900. Aunsi ya golide ndi magalamu 31 ndi kadontho, kanthu kosadzaza n'komwe supuni ya tiyi. Kenako mu Julaye 2011 South Sudan inadziimira payokha, n'kupita ndi pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mafuta omwe ankabweretsa ndalama zakunja. Boma la ku Khartoum linatembenukira ku golide, banki yaikulu n'kuyamba kugula kwa okumba wamba. Alimi anasiya minda, ophunzira anasiya sukulu, ndipo anthu ogwira ntchito ya golide ankayerekezedwa kuti anapitirira miliyoni imodzi.

Tsono taonani masamu omwe munthu wofuna makina ankachita. Ditekita yabwino inkagulidwa madola 4,000 mpaka 5,000. Golide akakhala pa madola 1,500 pa aunsi, galamu imodzi ndi pafupifupi madola 48. Ndiye kuti magalamu 100 abweza ndalama ya makina. Ngati mnansi wako wabwera ndi magalamu otero atangokhala milungu iwiri m'chipululu, wogulitsa akakuuza kuti mtengo wawirikiza kawiri sunenerera. Umangofunsa kuti ali nawo angati. Munthu sagula ditekita poikonda ayi. Amagula chiyembekezo cha zomwe idzatole. Choncho mtengo wake sutsatira ndalama zomwe anaipangira ku fakitale. Umatsatira nkhani zomwe zikumveka pamsika, ndipo nkhani za golide zimakula zikamayenda. Wotola amamveka mudzi wonse, pomwe anthu makumi awiri obwerako chimanjamanja amalowa m'nyumba usiku mwakachetechete.

China chodabwitsa n'chakuti anthu sankafuna ditekita iliyonse. Ankafuna dzina limodzi: GPX-4500, makina omwe Minelab inatulutsa mu 2008. Chifukwa chake n'chapafupi: oyamba kutola ananyamula amenewo. Asodzi athu akuzidziwa izi. Injini ya Yamaha ikadziwika padoko kuti siikusiya pakati pa nyanja, wogulitsa mtundu wina angalankhule mpaka kukhosi kuuma, palibe womumvera. Ngakhale pomwe kampaniyo inatulutsa GPX 5000 mu 2010, ambiri ankafunsabe yakale ija. Khamu lonse linkathamangira khomo limodzi.

Khomo lake linali laling'ono. Kampani yopanga makina otere imakonzeratu kuchuluka kwa omwe ipange potengera makasitomala ake a masiku onse, ndipo nthawi imeneyo ambiri anali anthu a ku Australia ndi ku America ofufuza golide kumapeto kwa sabata, ena opuma pa ntchito. Kuwonjezera chiwerengero si nkhani ya tsiku limodzi. Tizipangizo ta m'kati timaitanitsidwa kudakali miyezi, ogwira ntchito amafunika kuphunzitsidwa, ndipo makina alionse amayesedwa asanatuluke. Kufuna kwa anthu kumakwera m'milungu, kupanga kumakwera m'miyezi. Pampata umenewo ndi pomwe mtengo umapenga. Masitolo a ku Australia ndi ku America anakokoledwa ndi amalonda otumiza ku Sudan, ambiri kudzera ku Dubai. Anthu omwe anali ndi makina ogwiritsidwapo kale ntchito anayamba kulandira mafoni kuchokera kwa anthu osawadziwa, ndipo ena anagulitsa akale pa mtengo woposa wa atsopano. M'chaka chake cha malonda chothera mu Juni 2013, Codan inapeza phindu la madola 45 miliyoni a ku Australia, lalikulu kuposa zaka zake zonse za m'mbuyo.

Izi si zachilendo m'mbiri ya golide. Ku California mu 1848, wamalonda wina dzina lake Samuel Brannan atamva kuti golide wapezeka, anagula mafosholo, mapiki ndi mabeseni onse omwe akanatha kupeza, kenako ndiye anayenda m'misewu ya San Francisco kulengeza za golideyo. Amakumbukiridwa ngati munthu woyamba kufika pa chuma cha miliyoni m'chipwirikiti chimenecho, ndipo chumacho chinachokera kusitolo, osati kudzenje. Chomwe chasintha masiku ano ndi chida chokha. Fosholo aliyense wosula zitsulo akhoza kuipanga, koma ditekita yabwino ayi.

Pomwe pasowa zenizeni, zabodza zimalowa

Msika sukhala ndi dzenje nthawi yaitali. Cha m'ma 2011 malo okonzera makina a Minelab anayamba kulandira makina owonongeka okhala ndi dzina lawo, mtundu wawo, bokosi lawo, koma atawatsegula anapeza zipangizo zomwe sanaziikemo iwo. Anali makina achinyengo opangidwa ku China. Mkulu wa Codan pa nthawiyo, Donald McGurk, anadzauza atolankhani kuti mapulani a makinawo anabedwa kudzera pa kompyuta ya wantchito wawo yemwe analumikiza intaneti ya pahotela ali paulendo ku China. Makina abodzawo ankagulitsidwa pa mtengo wosafika madola 1,000, ndipo anasefukira m'misika ya mu Africa.

Kampaniyo inataya ndalama, inde, koma ife tikuganizira kwambiri wogula. Ditekita yabodza si yakufa ayi. Imayaka, imalira, ndipo wogulitsa akaponya ndalama yachitsulo pansi n'kuyendetsa mbale pamwamba pake, imakuwa bwinobwino. Kugontha kwake kumaonekera pa kambulu kakang'ono kokwiririka m'dothi lovuta, ndipo zimenezo wogula sangazione pasitolo. Amapita kutchire, n'kuyenda miyezi itatu pamwamba pa golide osamumva, n'kubwerako akunena kuti analibe mwayi, kapena kuti wina anamuchita chipongwe. Nthawi zambiri sadziwa n'komwe kuti anaberedwa tsiku lomwe anagula.

Palinso gulu lina la zida lomwe limamera ngati bowa golide akamveka. Ndi zija zokhala ndi tinyanga tozungulira, zomwe otsatsa amati zimaloza golide ali makilomita angapo kutali, kapena mamita makumi angapo pansi. Tafotokoza kale momwe mphamvu ya maginito imagwirira ntchito: imazilala msangamsanga ikamatalikira mbale. Palibe chida cham'manja chomwe chingamve golide kuseri kwa phiri. Kanyangako kamatembenuka chifukwa dzanja la wonyamula lapendekeka pang'ono iye osazindikira. Zida za mtundu womwewu zinagulitsidwapo ku maboma kuti zizifufuza mabomba, ndipo mu 2013 khoti la ku Britain linalamula James McCormick kukhala m'ndende zaka 10 chifukwa chogulitsa zotere ku Iraq ndi maiko ena. Ngati maboma anapusitsidwa, banja la kumudzi lisachite manyazi kufunsa mafunso ambiri.

Kenako zinthu zinatembenuka. Mu 2013 mtengo wa golide unagwa ndi pafupifupi 28 peresenti, n'kutsirizira chaka cha pa madola 1,200. Masamu aja a magalamu 100 anasintha. Makina enieni anali atayamba kufika ochuluka, chifukwa fakitale inali itawonjezera kupanga, ndipo abodza anali mbwee. Codan inatsitsa mtengo kufika cha pa madola 2,500 kuti ipikisane nawo, ndipo phindu lake la chaka chothera mu Juni 2014 linatsika kufika madola 9 miliyoni a ku Australia, kuchoka pa 45 paja. Amalonda omwe anaunjika makina pa mtengo wa nthawi ya kusowa anatsala nawo m'manja. Alimi a nandolo a ku Machinga ndi Mangochi sakufunika kuwafotokozera zambiri apa. Mtengo utakwera mu 2015 ndi 2016 aliyense anadzala, ndipo pomwe zokolola zinkafika pamsika mu 2017, India anali atachepetsa kugula, matumba n'kumafumbwa m'nyumba. Katundu woitanidwa ndi mtengo wa dzulo amafika pamsika wa mawa.

Koma pali chifukwa china chachikulu kuposa mtengo wa golide, ndipo ndi chimene anthu ogula mochedwa sachiganizira. Golide wa pamwamba saberekana. Usipa ukachepa chaka chino, chaka chamawa ukhoza kubwerera, chifukwa umaswana. Mbulu wa golide ukatoledwa, malo akewo atha mpaka kalekale. Ditekita imamva pafupi, ndipo anthu zikwi akayenda ndi makina m'dera limodzi, amalisesa m'miyezi yochepa. Ku Sudan, pamwamba patatha, omwe anali ndi ndalama anabweretsa mathirakitala ndi zigalimoto zokumbira kuti zizipala dothi, onyamula makina n'kumatsatira pambuyo. Zitatero, ntchito inasamukira kumaenje akuya otsata mizere ya miyala yoyera, kuzigayo zoperera miyala, ndi ku mekyule wogwirira golide wosaoneka ndi maso, amene amawononga ubongo ndi impso za womupuma akamawotchedwa. Pofika pamenepo chosowa pamsika si ditekita ayi, koma jenereta, pampu ya madzi, chigayo ndi dizilo. Munthu wosauka amene analowa m'chipululu ali mwini makina amatsala waganyu wa mwini chigayo.

Makina aja sanatayidwe. Anasamuka ndi eni ake kulowera kumadzulo, kutsata mbiri yatsopano. Mu 2013 kunali kumapiri a Tibesti kumpoto kwa Chad. Mu Epulo 2014 kunamveka Djado kumpoto kwa Niger, ndipo anthu zikwizikwi anakhamukirako m'milungu yochepa, pakati pawo akatswiri ochokera ku Sudan ndi Chad amene ankadziwa kale kumvetsera kulira kwa makina. Mu 2016 inali nthawi ya Mauritania, kumene anthu a mumzinda wa Nouakchott anagulitsa katundu wawo kuti agule makina n'kulowera kuchipululu cha Inchiri. Kulikonse nyimbo inali yomweyo: milungu yoyamba makina kusowa ndi kukwera mtengo, kenako kusefukira kwa atsopano, akale ndi abodza, kenako anthu kugulitsa motaya kuti apeze thiransipoti yobwerera kwawo. Ditekita imodzi ikhoza kudutsa m'manja mwa anthu asanu ndi maiko atatu, ndipo aliyense wogulitsa amauza wogula kuti yangogwira ntchito pang'ono.

Maboma nawo amagwedeza msikawu ndi cholembera chimodzi. Niger inatseka Djado mu Febuluwale 2017. Mauritania inalamula kuti ofufuza akhale ndi ziphaso ndipo makina alipiridwe msonkho polowa. Asilikali a ku Algeria amalengeza kawirikawiri za makina omwe alanda kwa ofufuza opanda chilolezo kum'mwera kwa dzikolo. Ndipo komwe boma silifika, mfuti ndiyo imaweruza: mu Meyi 2022 anthu pafupifupi 100 anaphedwa pa mkangano wa okumba golide ku Kouri Bougoudi, kumalire a Chad ndi Libya.

Opanga makina anaphunzirapo kanthu pa zonsezi. Anazindikira kuti kasitomala wawo wamkulu salinso mzungu wopuma pa ntchito, koma mnyamata wa mu Africa amene mwina sawerenga Chingerezi ndipo alibe nthawi yophunzira mabatani khumi. Minelab inatsegula ofesi ku Dubai, inaika zizindikiro zotsimikizira makina enieni, ndipo inagawa msika pawiri. Kwa a ndalama inatulutsa GPZ 7000 mu 2015, ya pafupifupi madola 10,000. Kwa ena onse inatulutsa Gold Monster 1000 mu 2017, yosafika madola 1,000, yongoyatsa n'kuyamba kuyenda, yomva timibulu tating'ono tapafupi. 

Komabe kukwera ndi kutsika sikunathe. Nthawi ya Covid-19 anthu ambiri atataya ntchito analowera kugolide, ndipo mu Ogasiti 2020 mtengo unadutsa madola 2,000 koyamba. Malonda a Minelab m'chaka chothera mu Juni 2021 anafika madola 326 miliyoni a ku Australia. Mu Okutobala chaka chomwecho asilikali analanda boma ku Sudan, mu Epulo 2023 nkhondo inabuka, ndipo malonda a chaka chothera mu Juni 2023 anatsika kufika 176 miliyoni. Chonsecho mtengo wa golide sunagwe ngati mu 2013. Apa tikuona kuti kukwera kwa golide pakokha sikokwanira. Pamafunikanso malo atsopano osasesedwa ndi njira yofikirako mwamtendere. Golide atadutsa madola 3,000 mu Malichi 2025 ndi 4,000 mu Okutobala chaka chomwecho, malo ambiri omwe anasiyidwa anayambanso kukopa anthu, ndipo otsatsa makina pa Facebook ndi pa WhatsApp anachulukanso.

Nanga kwathu kuno?

Choyamba n'chakuti makinawa amagulidwa ndi madola, ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wobweretsa makina amawerengera dola ya pamsika wakuseri, thiransipoti, msonkho ndi phindu lake, n'kuwonjezerapo kena kalikonse komwe mbiri ya golide ingamulole. Choncho makina amene ku Dubai ndi a mtengo wapakati amafika kuno ali a mamiliyoni angapo. Wina akakutchulirani mtengo wotsika kwambiri pa makina a dzina lotchuka, kutsikako kukhale chifukwa chokayikira, osati chothamangira.

Chachiwiri ndi chachikulu, ndipo tikupempha kuti tichimvetsetse. Golide ali mitundu iwiri kwa munthu wofufuza. Pali wa mibulu, amene ditekita imamumva. Pali wa fumbi, wonga ufa wosakanikirana ndi mchenga wa mumtsinje, amene amapezeka posefa m'beseni ndi madzi. Ditekita siphatikiza timadontho tobalalika kuti timveke ngati chinthu chimodzi. Kadontho kalikonse imakamva pakokha, ndipo n'kochepa kwambiri moti sikamveka. Mukhoza kuyendetsa makina a mamiliyoni pamwamba pa mchenga wokhala ndi golide wambiri, iwo ali chete, pomwe mayi wa beseni pambali panu akupeza kangachepe tsiku lililonse. Golide wambiri amene anthu akupeza m'mitsinje ya kwa Makanjira, kuchigwa cha Lisungwi ndi madera ena ndi wosefa chotere. Sitikunena kuti mibulu kulibe. Ilipo m'malo ena, makamaka pafupi ndi miyala yomwe golide anachokera. Koma dziko lathu si chipululu. Kuli udzu wolepheretsa mbale kuyandikira pansi, kuli dothi lakuya lokokoloka ndi mvula chaka ndi chaka, ndipo m'minda yakale muli zidutswa za makasu ndi misomali zokukumbitsani maenje zana pachabe. Banja lisanakambe za mtengo, lifunse kaye anthu amene akugwira kale ntchito pamalopo kuti awaonetse golide amene akupeza. Ngati onse akuonetsa fumbi m'kabotolo, ditekita si chida cha pamenepo.

Chachitatu ndi lamulo. Kukumba ndi kugulitsa golide ku Malawi kumafuna chiphaso cha boma, ndipo m'nkhalango zotetezedwa n'koletsedwa. Anthu a ku Mangochi akukumbukira momwe asilikali anachotsera okumba m'nkhalango ya Namizimu mu 2018. Kuwoloka malire kupita ku Niassa ndi makina popanda mapepala n'kuika chuma chonse cha banja m'manja mwa msilikali woyamba kukumana naye. Makina olandidwa sabweza ngongole.

Za ngongolezo, tinene mosabisa. Ambiri amene anagula makina pa nthawi ya kusowa anagulitsa ziweto ndi minda, kapena anakongola. Kwathu kuno njira yachidule imakhala katapila, amene chipembedzo chathu chimaletsa, ndipo ngakhale pa masamu okha, chiwongoladzanja chimakula mwezi ndi mwezi pomwe golide wa pamwamba akuchepa mwezi ndi mwezi. Mbali inayo ndi ya wogulitsa. Munthu akazindikira kuti makina ake ndi abodza kapena agontha, chiyeso chimakhala chowapatsira m'bale wina mwakachetechete kuti abwezeko ndalama. Kubisa chilema cha katundu ndi chinyengo, ngakhale wobisayo atakhala kuti nayenso ananyengedwa, ndipo pa malonda amenewa ndi momwe makina amodzi oipa amasaukitsira mabanja atatu motsatizana.

Kumadera a golide a ku Sudan ndi Sahara anthu ambiri sankagula makina. Ankagwira ntchito mogawana, ndondomeko yomwe ife a kunyanja timaidziwa bwino pa mwini chilimira ndi alovi ake: mwini makina atenga gawo lake, mwini galimoto ndi chakudya lake, okumba lawo. Gawo la mwini makina limakhala lalikulu makina akamasowa, ndipo limachepa akachuluka. Ndiye njira imodzi yodziwira pomwe msika wafika ndi kufunsa kuti eni makina akutenga gawo lotani lero poyerekeza ndi miyezi isanu ndi umodzi yapitayo, ndiponso kuti ndi angati akufuna kugulitsa. Ogulitsa akachuluka pamalo omwe akuti pali golide wambiri, funso loti akugulitsiranji liyenera kufunsidwa mokweza. Kubwereka makina kwa milungu iwiri, kapena kulowa nawo gulu ngati wokumba, kumaphunzitsa zambiri pa ndalama yochepa.

Kwa amene aganiza zogula ndithu, nambala ya makina itumizidwe kaye kwa kampani yopanga kapena kwa wogulitsa amene dzina lake lili pa mndandanda wa kampaniyo, kuti atsimikize. Afunsenso za batire, chaja ndi koyilo yapadera, chifukwa zimenezi ndizo zimayamba kufa, ndipo kutchire kulibe magetsi a ESCOM. Kuyesa kusachitikire pasitolo ndi ndalama yachitsulo. Tengani kambulu ka golide weniweni kodziwika kulemera kwake, kosafika galamu imodzi, mukaike m'kapulasitiki komanga ndi chingwe kuti kasasowe, mukakwirire m'dothi la kumalo komwe mukufuna kukagwira ntchito, wogulitsa asakuona pomwe mwakwirira. Yambani ndi masentimita asanu, kenako khumi, kenako khumi ndi asanu, ndipo pa kuya kulikonse mumupatse makinawo kuti akapeze yekha.